Mfumu Ikamalankhula, Makina Azikhala Chete

Ufumu wa Chedwani simungaupeze pa mapu, ndipo si chifukwa choti ndi waung'ono ayi. Tsiku limene ojambula mapu ankadutsa, nduna yoti iwalandire inali ikusambabe. Likulu lake ndi mzinda wa Mawalino. Kum'mawa kwake, kungowoloka mtsinje, kuli ufumu wa Fulumira, umene anthu a ku Chedwani amautchula akafuna kudzipweteka mtima.

Kale maufumu awiriwa anali ofanana. Onse ankagulitsa mtedza ndi zikopa, onse ankapemphetsa kwa anthu amodzimodzi. Koma a ku Fulumira, anthu osadziwa mwambo, anayamba kumanga mafakitale popanda gule, popanda nsalu, popanda ngakhale mlendo wolemekezeka. Anayamba ndi kulumikiza timawaya ta mawailesi a eni ake, kenako mafoni, kenako ana awo anayamba kulemba mapulogalamu a makompyuta n'kumagulitsa kutsidya kwa nyanja. Pa nthawi yomweyo a ku Chedwani nawo sanakhale manja lende. Anakhazikitsa komiti yofufuza chifukwa chimene komiti yoyamba sinakumane.

Mfumu Ndiombereni Wachitatu umphawi wa anthu ake sunkaisowetsa tulo, pakuti umphawiwo unkagona kutali ndi nyumba yachifumu. Chimene chinaibaya pamtima ndi nyuzipepala yakunja, imene inajambula mfumu ya ku Fulumira itanyamula foni yopangidwa kwawo, ikumwetulira mano onse pamtunda. Tsiku lomwelo Mfumu inaitanitsa nduna zake.

"Kodi mufoni muli chiyani chimene ife sitingapange?" inafunsa Mfumu, ikumenyetsa nyuzipepala ija pa tebulo.

Funsoli linagwera a Zoonadi, Nduna ya Makina ndi Zam'tsogolo. Awa anali bambo wa mimba yotsogola, amene foni yawo ankawayimbira ndi mlembi wawo, iwo n'kungolandira polankhula. Unduna anaupeza chifukwa pa moyo wawo wonse sanayambe chiganizo ndi mawu oti "koma".

"Zoonadi, Mwini Dziko," anayankha a Zoonadi. "Foni mukaiyang'anitsitsa ndi kabokosi chabe. Ndipo ife pa nkhani ya mabokosi sitigonja."

Ndi mmene inabadwira Fakitale ya Mafoni ya Ndiombereni. Mafoni ankagulidwa ku Fulumira, makatoni ankagulidwa ku Fulumira, guluu ankachokera ku Fulumira, ndipo ana a ku Chedwani ankaika foni m'katoni n'kutseka. Wailesi inalengeza kuti dziko lalowa m'gulu la maiko opanga mafoni. Mu msika wa Tiyesenawo, Mayi Nankhoma, mayi wamasiye wogulitsa tomato amene lilime lake ankaliopa ndi otolera msonkho omwe, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti inenso," anatero Mayi Nankhoma, "ndikapikula tomato n'kumuika m'jumbo, ndine mlimi."

Fakitale ija inagwira ntchito mpaka makatoni anatha. Lero mumagona mbuzi za mlonda, ndipo kunena chilungamo, ndi zokhazo zimene zachulukana m'menemo.

Tsono kuseri kwa msika womwewo, m'nyumba yakale yosungiramo mtedza, munali chinthu chimene boma silinkachidziwa, n'chifukwa chake chinkayenda bwino. Mwandida Chikuse, mayi wa mawu ochepa ndi maso ofiira ndi makompyuta, anali atagwira ntchito ku Fulumira zaka zambiri akulemba mapulogalamu. Tsiku lina zinamukwana kumva anzake akuseka dzina la dziko lake, nabwerera kwawo. Ankapita pa depoti ya mabasi a ku Fulumira n'kumatsitsa anyamata ndi atsikana omaliza sukulu zaukachenjede, zikwama zili kale padenga, n'kuwauza kuti ntchito imene akuifuna kutsidya angaigwire pompano.

Mmodzi mwa otsitsidwawo anali Ndaziona, mwana yekhayo wa Mayi Nankhoma, mtsikana amene pa kulemba mapulogalamu ankaposa anzake onse. Mayi Nankhoma anali atalira kale, atatsanzika kale. Ataona mwana wawo akubwerera ndi chikwama, anapita kukamuona Mwandida maso ndi maso.

"Inu mayi, mwanditsitsira mwana m'basi. Mtima wanga ndinali nditaumanga kale. Mukaumasula, musadzandiuzenso kuti ndiumange kachiwiri."

"Amayi, mwana wanu adzakalambira kuno," anayankha Mwandida. "Ndikulonjeza."

Lonjezolo silinali lopanda mutu. Mwandida anali atapeza kasitomala, kampani ina ya zombo ya kutsidya kwa nyanja. Gulu lake linalemba ndi kusamalira pulogalamu youza ogwira ntchito padoko kuti kontena iti ikwere chombo chiti. Zinali zoseketsa ndithu, ana a dziko lopanda nyanja, amene chombo anangochiona pa kalendala, akulondolera zombo. Koma ntchito ankaitha, ndipo ankaitha motchipa kuposa a ku Fulumira. Kasitomala anawaika pa nyengo yoyesedwa, ndi lamulo limodzi lokha: makina asagone, ndipo akaitana pazikhala woyankha. Akapambana, ntchito ndi yawo kwa zaka. Akalephera, kampani ina ya ku Fulumira inali chire, ikudikira ngati khwangwala pa mpanda.

Mwandida dziko lake ankalidziwa. Anaika sola padenga chifukwa magetsi a ku Chedwani amabwera ngati mlendo wodutsa. Anagula jenereta chifukwa mitambo nayo ilipo. Anakoka intaneti kuchokera mbali ziwiri. Anaweta mphaka chifukwa cha makoswe odya mawaya. Anakonzekera mdima, mvula, mbava ndi chiswe. Chimene sanakonzekere n'kuyamikiridwa.

Tsoka linabwera ndi kazembe wina wakunja, munthu wa mtima wabwino ndi pakamwa posatseka. Pa phwando la kunyumba yachifumu kazembeyo anagwira Mfumu chanza n'kuiyamikira chifukwa cha ana anzeru a kuseri kwa msika, amene mbiri yawo yamveka mpaka kumadoko akutali. Mfumu inamwetulira ngati ikudziwa. Kazembe atangotembenuka, inakodola a Zoonadi.

"Ana ake ati amenewa?"

A Zoonadi galimoto yawo inkadutsa pa nyumba ya mtedza ija tsiku lililonse, koma magalasi ake anali akuda, ndipo iwo ankakhala atagona.

"Zoonadi, Mwini Dziko, amenewo ndi zipatso za masomphenya anu. Tinangowabisa kuti tidzakudzidzimutseni."

"Nanga ndinaitsegulira liti kampaniyo?"

Pamenepo nduna zonse zinagwira pakamwa. Ku Chedwani chinthu chimene Mfumu sinatsegulire n'chotseka, ngakhale anthu azilowa ndi kutuluka. Mlatho wosatsegulira anthu amawoloka mozemba ngati akuba. Choncho kunalengezedwa kuti Mfumu, mwa chifundo chake, idzapita yokha kukatsegulira kampani ya Mwandida, imene kuyambira tsikulo idzatchedwa Likulu la Nzeru Zamakono la Ndiombereni.

Wokonza mwambowo anali a Gwadani, Mkulu wa Miyambo Yachifumu, nkhalamba yowonda yoyenda ndi ndodo ya mutu wamkuwa. Makutu awo ankamva nyerere ikutsokomola. Ntchito yawo yaikulu inali kusunga mwambo wa Chete, ndipo mwambowo unayamba chonchi. Agogo ake a Mfumu, Ndiombereni Woyamba, tsiku lina akulankhula pabwalo, chigayo chinayamba kugunda kuseri. Anthu anayamba kugwedeza mitu motsatira chigayo. Mfumu inasangalala poganiza kuti akuvomereza, mpaka inaona kuti akugwedezabe iyo itasiya kulankhula. Chichokereni tsikulo, Mfumu ikamalankhula chilichonse chokhala ndi mawu chimakhala chete. Zigayo zimaima, mawailesi amazimitsidwa, atambala amavundikiridwa ndi madengu, makanda amapatsidwa bere ngakhale amene analetsedwa kale kuyamwa.

A Gwadani analowa m'nyumba ya mtedza ija akununkhiza. Anayang'ana achinyamata ali pa makompyuta, napukusa mutu poona kuti palibe amene waimirira. Kenako anaima pa kabati yachitsulo mmene munali makina aakulu osunga pulogalamu, natsamiritsa khutu.

"Mayi, izi zikung'ung'udza."

"Ndi timapiko toziziritsa makina, bwana," anayankha Mwandida. "Tikaima, makina amatentha."

"Kung'ung'udza pamaso pa Mfumu ndi chiyambi cha kuukira. Pa tsikulo zonsezi zidzazimitsidwa. Ndi chija chikukuwa panja chija."

"Bwana, makinawa akazima, zombo zimaima padoko. Kasitomala wathu atithawa. Kodi Mfumu singalankhulire ku bwalo la masewero? Ife tidzabwera konko kudzaomba m'manja."

A Gwadani anamuyang'ana mwachisoni, monga mmene munthu amayang'anira mwana woleredwa kwa eni.

"Mfumu ikufuna kujambulidwa pakati pa makina, mayi. Ku bwalo la masewero kuli makina?"

Mwandida anapita kwa a Zoonadi. Anadikira pa benchi mpaka miyendo inachita dzanzi, nalowa, nagwada, nafotokoza zonse bwinobwino: za lamulo la kasitomala, za kampani ya ku Fulumira, za ana amene anawatsitsa m'basi. A Zoonadi anamvetsera akugwedeza mutu.

"Zoonadi, mayi, mwanena zoona zokhazokha. Ndiye muwauze anthu anu a zombowo kuti adikire pang'ono. Kodi nyanja ikuphwa?"

Mwandida anaimbira kasitomala. Mayi wina wa ku kampani ya zombo ija anamvetsera mwaulemu nkhani ya chigayo ndi atambala, nafunsa kawiri ngati wamva bwino. Kenako anati iye mwambo wa anthu amaulemekeza, koma zombo sizidziwa mfumu, ndipo pangano ndi pangano.

Mwandida anapsa mtima, ndipo mantha anamugwira, koma mutu unkagwirabe ntchito. Anasamutsa makina ena ang'onoang'ono n'kukawaika kunyumba kwa Mayi Nankhoma, tsidya lina la msika, kumene makutu a a Gwadani sakanafika. Ndaziona ndi anzake angapo adzabisala kumeneko ndi malaputopu, pulogalamu izidzayenda kudzera pa netiweki ya foni mpaka Mfumu itamaliza. Anayesa, zinatheka. Mayi Nankhoma anasuntha madengu a tomato kuti makina apeze malo.

"Ndasungapo nkhuku za eni, ndasungapo katundu wa maliro," anatero. "Zombo ndiye ndayamba lero."

Tsiku linafika. Misewu inatsekedwa kutangocha, msika unathamangitsidwa, ana asukulu anaimikidwa padzuwa ndi timbendera. Nyumba ya mtedza inapakidwa laimu mbali yoyang'ana kumsewu yokha. Ogwira ntchito a Mwandida anavekedwa nsalu ya nkhope ya Mfumu, imene inasindikizidwa ku Fulumira. A Gwadani anazimitsa jenereta ndi dzanja lawo, nazimitsa kabati ija, natulutsa mphaka. Mwandida anaona timagetsi ta makina tikuzima, nadzilimbitsa mtima poganizira za Ndaziona.

Asanaitane Mfumu, a Zoonadi anaimirira kuti apereke mphatso yawo.

"Mwini Dziko, makolo athu ankatontholetsa atambala ndi zigayo. Koma ife ndife a makono. Masiku ano cholankhula kwambiri ndi foni. Choncho unduna wanga, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dziko lino, wazimitsa milongoti yonse ya netiweki kuchokera kumalire kufika kumalire. Palibe mfumu ina pansi pano imene inalandirapo Chete wotere. A ku Fulumira sangathe."

A Gwadani anakweza ndodo, chimene chinali chizindikiro chololeza kuomba m'manja, ndipo anthu anaomba. Mwandida anasuzumira foni yake m'nsalu. Inali gwa, ngati sopo. Posakhalitsa anaona Ndaziona ataima kumbuyo kwa khamu, ali wefuwefu, akumuonetsa zikhatho zopanda kanthu.

Mfumu inaimirira. Mutu wa mawu ake unali wakuti "Chedwani Sagona".

Inayamba ndi kubadwa kwa agogo ake. Inafotokoza za njovu imene agogowo anaipha, ndi ina imene anaikhululukira. Inafika pa bambo ake dzuwa litakwera. Itafika pa iyo mwini, inachepetsa liwiro kuti anthu amve bwino.

"Akuti a ku Fulumira akuthamanga," inatero Mfumu. "Asiyeni athamange. Munthu wothamanga ndiye kuti pali chimene akuthawa. Ife tikuyenda mwachifumu. Iwo akupanga foni yolankhula. Ife m'zaka zikubwerazi tipanga foni yolima. Iwo akugulitsa mapulogalamu. Ife tili ndi mapulogalamu ambiri kuposa iwo. Mwambo womwe uno uli ndi pulogalamu, mwaigwira m'manjamo."

Ndodo inakwera, manja anaomba, ndodo inatsika. Ana asukulu anayamba kukomoka mmodzimmodzi, koma ankagwa mwakachetechete monga anawaphunzitsira.

Mwandida anaima pamzere wakutsogolo thukuta lili kamukamu. M'mutu mwake ankaona doko limene sanalionepo ndi maso: makontena ataunjikana, madalaivala akuliza mahutala, mayi wa ulemu uja akuimba foni imene sikulowa. Ankadziwa kuti kuzima kwa kanthawi munthu ungapepese. Kuzima kwa tsiku lonse kulibe pepani wake. Dzuwa linapendeka. Mfumu inati "pomaliza", ndipo mtima wa Mwandida unadumpha, koma Mfumu inangomwa madzi n'kuyamba nkhani ya ulendo wake wa kunja. Inatinso "pomaliza", n'kuyamba za maloto amene inalota. Mwandida anayang'ana kumbuyo, naona Ndaziona, naonanso Mayi Nankhoma ali m'gulu la amayi ovina, atakhala pansi padzuwa, maso ali pa iye.

Ndipo Mwandida anachita chimene munthu sanachitepo chiyambire cha chigayo chija. Anatuluka pamzere, nagwada, nayenda ndi maondo mpaka patsogolo pa nsanja, naomba m'manja mwaulemu.

"Mwini Dziko, pepani, ndine kapolo wanu. Ndikupempha chinthu chimodzi. Lolani tiyatse makina, inu muzipitiriza. Akapanda kuyaka tsopano, kampani imene mukutsegulirayi yafa, ndipo ana awa apita."

Kunagwa bata loti ngakhale a Gwadani sanalimvepo. Asilikali anayang'ana Mfumu. Mwandida anali atakonzeka kumangidwa, kukwapulidwa, kulipitsidwa ng'ombe. Zonsezo anaziwerengera, bola makina ayake. Koma Mfumu sinakwiye. Nkhope yake inawala ngati ya mwana amene amuwonjezera ndiwo. Inayang'ana a Gwadani, ndipo a Gwadani anabwera kutsogolo n'kugogoda ndodo pansi.

"Mwambo ukuti mawu a Mfumu ali ngati mkanda wa m'khosi. Ukaduka salumikiza pakati. Amatola yonse n'kuyambanso kutunga."

Khamu lonse linausa moyo, koma chamumtima. Aliyense wokulira ku Chedwani amadziwa chifukwa chake anthu sadula Mfumu mawu. Si kuopa ndende ayi. Mwandida anachoka ali mtsikana, ndipo ku Fulumira anaphunzira kuti chinthu chikamalakwika umanena. Anaiwala kuti kwawo wonena ndiye amatalikitsa mlandu.

Mfumu inatembenuza mapepala ake n'kubwerera pa tsamba loyamba. A Gwadani, pobwerera pamalo pawo, anawerama pang'ono pafupi ndi Mwandida, nalankhula motsitsa, pakuti Mfumu inali isanayambe.

"Inatsala ndi tsamba limodzi, mayi."

Ndipo agogo a Mfumu anabadwanso. Njovu ija inaphedwanso, inzake inakhululukidwanso. Ulendo uno Mfumu inakumbukira zambiri zimene inaiwala poyamba, kuphatikizapo njovu yachitatu. Mwandida anakhalabe chogwada pomwepo, chifukwa panalibe womuuza kuti adzuke, ndipo miyala inamulowa m'maondo.

Dzuwa likulowa Mfumu inadula riboni, inavundukula mwala wolembedwa dzina lake, nijambulitsa itaika chala pa kompyuta yozima. Galimoto zitachoka, milongoti inadzuka, mafoni a dziko lonse analira nthawi imodzi. Mwandida anayatsa makina. Uthenga wa kasitomala unali waufupi ndi waulemu. Zombo zinaima, nsomba zinaola m'makontena, ndipo masana omwewo ntchito inaperekedwa ku kampani ya ku Fulumira. Anamufunira zabwino zonse.

Panali uthenga winanso, wochokera ku kampani ya ku Fulumira ija. Iwo anati ntchito ailandira, koma pulogalamuyo amene amaidziwa bwino ndi amene anailemba. Choncho gulu lonse la Mwandida, ndi iye yemwe, akuwafuna. Nyumba zilipo, magetsi sazima, ndipo mfumu yawo ikafuna kulankhula imalemba m'nyuzipepala.

M'mawa mwake msika unatsegulidwa, ndipo nkhani inali yomweyo. Wogulitsa machaja anati iye waonapo maliro ambiri, koma aka kanali koyamba kuona mwana akupatsidwa dzina ndi kuikidwa m'manda pa mwambo umodzi. Wina anati bola mwala uja ndi wabwino, ungathandize kunolera mipeni. Mwandida anadutsa pakati pawo mutu uli pansi, mpaka pa benchi ya Mayi Nankhoma. 

"Amayi, ndalephera. Ndinalonjeza."

Mayi Nankhoma anapitiriza kuunjika tomato wawo osamuyang'ana.

"Kukhalitsa kunja n'koipa, mwana wanga. Ife kuno Mfumu ikamalankhula timaganizira za maliro a abale athu, nthawi n'kumapita. Inu munafuna kuithandiza." Anaika tomato wina pamwamba pa mulu. "Ndaziona wandifunsa ngati angapite. Ndamuuza kuti apite. Ndimusunge kuti azidzandithandiza kuvundikira atambala?"

Kunyumba yachifumu, patapita masiku, Mfumu inakumbukira Likulu lake la Nzeru Zamakono. Mawu ake anali atasasa chifukwa cha kulankhula kawiri, choncho inafunsa monong'ona kuti ntchito ikuyenda bwanji. Nduna zinayang'ana pansi. Panali poti munthu anene zoona, ndipo maso onse anatembenukira kwa a Zoonadi, amene pa luso lopewa zimenezo analibe mnzawo.

"Zoonadi, Mwini Dziko, tapambana. Mawu anu anamveka mpaka kutsidya, moti a ku Fulumira agwada. Apempha kuti tiwapatse akatswiri athu onse. Iwo amatumiza kunja mafoni, zinthu zakufa. Ife tayamba kutumiza kunja mitu yeniyeniyo. Pa malonda a nzeru, dziko lino tsopano lili patsogolo."

Mfumu inasangalala kwambiri, nifunsa ngati katunduyo alipo wokwanira. A Zoonadi anaitsimikizira kuti sukulu zikutulutsa chaka chilichonse, ndipo boma silidzachita chilichonse chimene chingawachititse kukhala. Pomwepo kunatuluka lamulo lakuti katundu woyamba atsanzikidwe ndi mwambo waukulu pa depoti, ndipo makolo a katunduyo, monga alimi ake, avale nsalu n'kuvina.

Mfumu sinapite chifukwa cha pakhosi paja, ndipo anthu amati chimenecho ndiye chifundo chachikulu cha ulamuliro wake. M'malo mwake kunapita a Zoonadi, nalankhula za msika wa padziko lonse. Basi inakongoletsedwa ndi masamba a nthochi. Achinyamata aja anakwera mmodzimmodzi, malaputopu kumsana, pa depoti yomwe ija imene Mwandida anawatsitsira. Mwandida anakwera pomaliza, nakhala kumbuyo kwenikweni. Ndaziona anakhala pawindo, chipumi atachitsamiritsa pa galasi.

Ng'oma zinalira. Amayi a ana aja anazungulira basi akuvina, nsalu ya nkhope ya Mfumu ili m'chiuno, nyimbo ili yothokoza boma chifukwa cha chitukuko. A Gwadani ankayenda m'mbali ndi ndodo yawo kuona amene sakugwedeza bwino. Mayi Nankhoma ankavina ndithu, phazi silinaphonye ng'oma, koma maso awo sanachoke pa windo lija, ndipo masaya awo anali atanyowa mpaka m'khosi.

Basi itayamba kusuntha, a Gwadani anaima patsogolo pawo n'kuwaloza ndi ndodo.

"Mayi, misozi pa tsiku lachisangalalo cha dziko?"

Mayi Nankhoma sanasiye kuvina. Anasendera pambali pang'ono kuti nkhalambayo isawatchinge basi, imene inali itafika kale pa mphambano.

"Ndi thukuta, bwana," anatero. "Ife amphawi limatulukira m'maso."